Dzina la Hetherwick: linachokera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani ndi losowa kwawo komwe?

Masiku apitawa ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba, ndipo funso lawo landichititsa chidwi kotero kuti ndaganiza zoliyankha poyera. Iwo akuti agogo awo aamuna ankatchedwa Hetherwick, ndipo pamene ana ankalembetsa sukulu, dzinalo linasanduka la banja lonse. Mchimwene wawo wakhala ku Glasgow zaka zingapo koma sanakumanepo ndi munthu wa dzina limeneli, ndipo atalowa m'sitolo yogulitsa nsalu za mafuko a ku Scotland, wogulitsayo anafufuza m'buku lake osalipeza. Mayiwa akufunsa kuti: kodi dzinali ndi la ku Scotland ndithu, tanthauzo lake n'chiyani, fuko lake ndi liti, ndipo kodi kukhala nalo kukusonyeza kuti m'banja mwawo muli magazi a kumeneko?

Mayi, dzinali ndi la ku Scotland ndithu, ndipo ndi lakale kwambiri, koma silinayambe ngati dzina la munthu kapena la fuko. Linali dzina la munda. Zonse zimene mwafunsa zimamveka bwino tikayambira pamenepa.

Dzinali lili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi mawu amene lero amalembedwa kuti heather, dzina la chitsamba chachifupi chimene chimamera m'mapiri ndi m'malo a nthaka yosauka ku Scotland. Nthawi zambiri sichipitirira m'mawondo, timasamba take n'tating'ono kwambiri, ndipo m'miyezi ya Ogasiti ndi Sepitembala chimachita maluwa ofiirira amene amakuta phiri lonse. Anthu akale ankafolera nacho nyumba, kupangira matsache ndi zingwe, ngakhalenso kugonapo. Nkhosa zimadya nsonga zake zanthete, ndipo pofuna kuti chiphukenso bwino, eni malo amachitentha chigawochigawo monga momwe ife timatenthera tchire. Amene anakwerapo phiri la Mulanje anaona zitsamba za mtundu wapafupi ndi chimenechi pamwamba pake. Mbali yachiwiri, wick, ikuchokera ku mawu a Chingerezi chakale akuti wīc, otanthauza kamudzi kapena famu, makamaka famu yodalira mudzi waukulu. Mawu omwewa ali mu Berwick, famu ya barele, ndi mu Prestwick, famu ya ansembe. Choncho Hetherwick ndi famu ya pamalo pomera chitsamba chija. Pano pali pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa kumpoto kwa Scotland kulinso wick wina, wa mu Lerwick ndi tawuni ya Wick, wochokera ku chilankhulo cha anthu a ku Norway ndipo amatanthauza gombe lolowa kumtunda. Ameneyo sakukhudzana ndi dzina lanu.

Mwina mungadabwe kuti dzina la ku Scotland likuchokera bwanji ku Chingerezi chakale, pamene timamva kuti kumeneko chilankhulo chawo ndi Gaelic ndipo mayina awo amayamba ndi Mac. Chigawo cha kum'mwera chakum'mawa kwa Scotland, kuyambira cha ku Edinburgh kutsikira ku mtsinje wa Tweed, chinali m'manja mwa ufumu wa Northumbria kuyambira m'zaka za m'ma 600, ndipo anthu ake ankalankhula Chingerezi chakale. Mafumu a Scotland anadzalimbitsa ulamuliro wawo kumeneko patapita zaka mazana, makamaka nkhondo ya ku Carham itachitika cha mu 1018, koma chilankhulo cha anthuwo sichinachoke. Chinakula n'kukhala chimene lero chimatchedwa Scots. Mayina a minda amene anthu amenewa anapereka alipobe mpaka lero.

Umboni woyamba wa dzinali ndi wosangalatsa kwambiri. M'chaka cha 1094, mfumu Duncan II, mwana wa Malcolm III, inapereka malo kwa amonke a Cuthbert woyera a ku Durham, kumpoto kwa England. Mfumuyi inalamulira miyezi yochepa chabe, chifukwa inaphedwa chaka chomwecho chisanathe, koma chikalata chake chinapulumuka ndipo chikusungidwa ku Durham. Ndi kachikopa kolembedwa m'Chilatini, kokhala ndi timitanda timene mfumu ndi mboni zake anaika m'malo mosaina, komanso chidindo chosonyeza mfumuyo itakwera hatchi. Akatswiri ambiri amachiwerengera kuti ndicho chikalata chakale kwambiri cha mfumu ya Scotland chimene chilipobe. Pa mndandanda wa malo operekedwawo pali Tyninghame, Auldhame, Scoughall, Knowes, Broxmouth, ndi malo ena amene mlembi anawalemba kuti Hatheruuich. Amenewo ndi Hedderwick a kufupi ndi tawuni ya Dunbar ku East Lothian, pamene mtsinje wa Tyne umathira m'nyanja. Onani ma u awiri aja: pa nthawiyo alembi ankalemba choncho pofuna kusonyeza liwu limene ife timalemba ndi w. Mchimwene wanu atafuna, angathe kukwera sitima kuchoka ku Edinburgh kupita ku Dunbar, n'kukayenda pamchenga umene mpaka lero umatchedwa Hedderwick Sands. Dzina limene lili pa chiphaso chanu linali kale pa chikopa zaka zoposa 900 zapitazo, ngakhale kuti panthawiyo palibe munthu amene ankaitanidwa nalo.

Malo a dzinali si amodzi. Kuli Hedderwick wina kufupi ndi Montrose ku Angus, wina ku Berwickshire, ndipo kalembedwe ka Heatherwick kamapezeka kufupi ndi Inverurie ku Aberdeenshire komanso kutsidya kwa malire, ku Northumberland. Zimenezi n'zosadabwitsa, chifukwa chitsambacho chili paliponse ndipo famu iliyonse yoyandikana nacho ikanatha kupatsidwa dzina lomweli, monga momwe kuno tilili ndi malo ambiri otchedwa Dambo popanda ubale pakati pa anthu ake. N'chifukwa chake anthu awiri a dzinali sangangoganiziridwa kuti ndi apachibale.

Kusanduka kwa dzina la malo kukhala la banja kunachitika pang'onopang'ono. Kuyambira m'nthawi ya mfumu David I, amene analamulira kuyambira 1124 mpaka 1153, eni malo anayamba kulembedwa ndi dzina lawo loyamba, kenako kamawu kakuti de, ndiye dzina la munda wawo, ngati kunena kuti Yohane wa ku malo akutiakuti. M'kupita kwa nthawi kamawu kaja kanagwa ndipo dzina la mundalo linayamba kupita kwa ana. Koma si onse otchedwa ndi dzina la malo amene anali eni ake. Mlimi wobwereka munda, kapena mnyamata wopita kukaphunzira ntchito m'tawuni, ankadziwika ndi kumene wachokera, ndipo kawirikawiri dzina lotere limamatirira munthu akachoka kwawo, popeza pamudzi pomwepo silingasiyanitse aliyense.

Nkhani ya kalembedwe ndi imene ingakusokeretseni kwambiri mukayamba kufufuza. Hedderwick, Hetherwick, Heatherwick, Hatherwick ndi Hadderwick ndi dzina limodzi. M'chilankhulo cha Scots, d ndi th ankasinthana pakati pa mawu, kotero kuti chitsamba chija chinkatchedwa hadder, hedder kapena hather, ndipo mpaka pano kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo mungamve okalamba akunena fadder ndi midder potchula bambo ndi mayi. Kalembedwe ka heather kokhala ndi ea kanabwera mochedwa, cha m'ma 1700. Kuwonjezera apo, amene ankalemba mayina m'kaundula wa mpingo anali m'busa kapena mlembi, ndipo ankalemba monga wamvera. Munthu mmodzi ankatha kubatizidwa ndi kalembedwe kena, kukwatira ndi kena, n'kuikidwa m'manda ndi kenanso. Kalembedwe kanayamba kukhazikika boma litayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira pa 1 Januwale 1855. Ndimaona kuti ife tikamatchula dzinali kuti Hedawiki sitilakwitsa kwenikweni. Tangobwerera ku d wakale uja mosadziwa.

Tsopano za kusowa kwake. Mchimwene wanu sanalephere kufufuza: dzinali ndi losowadi, ndipo silili pa mndandanda wa mayina ofala ku Scotland, umene umatsogozedwa ndi Smith, Brown ndi Wilson. Chifukwa chake chili m'chiyambi chake. Mudzi uliwonse unali ndi wosula zitsulo, motero dzina la Smith linaphuka m'malo mazanamazana pakati pa anthu osadziwana. Mayina a mafuko akuluakulu a kumapiri, monga Campbell ndi MacDonald, anachuluka chifukwa anthu okhala pansi pa mfumu ya fuko ankatenga dzina lake ngakhale asali a magazi ake. Koma dzina lochokera ku famu yaing'ono linali ndi akasupe ochepa, mwina mabanja owerengeka okha, ndipo popeza kumeneko dzina limatsata bambo, banja likabala ana aakazi okhaokha kapena ana aamuna akamwalira asanakwatire, nthambi yonse imathera pomwepo. Ena anasamukira ku England ndi kumayiko akutali, ndipo ochepa otsalawo agawikanso m'kalembedwe kosiyanasiyana. Mwa mitundu yonseyi, Hedderwick ndiye wodziwika kwambiri ku Scotland. James Hedderwick, amene anabadwa mu 1814 n'kumwalira mu 1897, anayambitsa nyuzipepala ya Glasgow Citizen mu 1842 ndi ina yamadzulo, Evening Citizen, mu 1864. Ku England kuli Thomas Heatherwick, amene anakonza mbiya ya moto ya masewera a Olimpiki a ku London mu 2012.

Wogulitsa nsalu uja sanakunamizeni. Hetherwick ndi dzina la kuzigwa, osati la kumapiri, ndipo lilibe mfumu ya fuko ngati mmene alili mayina a Mac aja. Ndikuchenjezeni za masamba a pa intaneti amene amagulitsa chizindikiro cha banja chokhala ndi chishango ndi mikango kwa aliyense wolemba dzina lake. M'malamulo a Scotland chizindikiro chotere ndi cha munthu mmodzi, osati cha aliyense wa dzinalo, ndipo chimaperekedwa ndi bwalo la Lord Lyon ku Edinburgh, limene lakhala likusunga kaundula wake kuyambira 1672. Ndalama zanu musazitayire kumeneko.

Dzinali linafika kwathu kuno kudzera mwa munthu mmodzi wodziwika bwino, m'busa Alexander Hetherwick. Iye anabadwa mu 1860 ku Savoch, dera la alimi ku Aberdeenshire, anaphunzira pa yunivesite ya Aberdeen, ndipo anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1883. Chaka chotsatira anatsegula mishoni ya Domasi, ndipo kuyambira 1898 mpaka pamene anapuma ntchito mu 1928 ndiye anali mkulu wa mishoni ya Blantyre, kulowa m'malo mwa David Clement Scott. Analemba mabuku ophunzirira Chiyao ndi Chinyanja, anagwira nawo ntchito yomasulira Baibulo la Chinyanja limene linatuluka mu 1922, anakhala m'bungwe lopanga malamulo la Nyasaland, ndipo anali mmodzi mwa amene anakonza mgwirizano umene unabala mpingo wa CCAP mu 1924. Anamwalira ku Aberdeen mu 1939. Malo osindikizira mabuku a mishoni ku Blantyre anapatsidwa dzina lake, ndipo anthu ambiri a msinkhu wa makolo athu anayamba kuliona dzinali pa mabuku a nyimbo ndi a sukulu.

Apa ndipo pali yankho la funso lanu lomaliza. M'zaka zimenezo, munthu akamabatizidwa ankasankha dzina latsopano, ndipo ambiri ankatenga dzina la banja la mmishonale amene ankamulemekeza n'kulisandutsa dzina loyamba. Kamuzu Banda anatenga dzina la Hastings mwa njira yomweyi, ndipo Dr Hetherwick Ntaba, amene anakhalapo nduna ya boma, ali ndi dzina limene tikukambali ngati dzina loyamba. Kenako, pamene sukulu ndi maofesi a boma anayamba kufuna kuti aliyense akhale ndi dzina lachiwiri, ana ambiri anangolembetsa dzina la bambo awo, ndipo ndi mmene dzina la ubatizo linkasandukira dzina la banja. Mwanena kuti ndinu a ku Zomba, ndipo Domasi ili pafupi pomwepo; mwanenanso kuti dzinali linayambira pa agogo anu n'kufalikira polembetsa sukulu. Zonsezi zikugwirizana ndi njira imeneyi, ndipo ine ndikuona kuti dzina lanu ndi cholowa cha ubatizo, osati cha magazi. Dzina palokha si umboni wa ubale, ndipo mfunda umene agogo anu ankayankhira akamathokozedwa ndi umene ungakuuzeni zambiri za kumene anachokera.

Ngati mukufuna kutsimikiza, yambani kuno musanapite kutali. Funsani okalamba a m'banja dzina limene agogowo anali nalo asanabatizidwe, dzina la bambo awo ndi la amalume awo, ndi mudzi umene anabadwira. Mukatero pitani ku mpingo umene ankapemphera mukapemphe kuona kaundula wa ubatizo, chifukwa nthawi zambiri mmenemo mumalembedwa tsiku, mudzi ndi dzina la m'busa wobatiza. Zolemba zina zakale za mishoni zili ku malo osungira zolemba za dziko ku Zomba komweko. Mchimwene wanu, ngati akufuna kudziwa za eni dzinali a ku Scotland, agwiritse ntchito ScotlandsPeople, tsamba la boma limene lili ndi makaundula a mipingo, akale kwambiri mwa iwo a 1553, ndi zolemba za kalembera wa anthu kuyambira 1841 mpaka 1921. Polembamo dzinali asamangoika kalembedwe kamodzi: ayese ndi d, ayese ndi th, ayesenso ndi a m'malo mwa e woyamba, ndipo ayambire ku East Lothian, Angus ndi Aberdeenshire.