Pakati pa Blantyre ndi Lilongwe si pa Ntcheu nthawi zonse

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wokhala ku Blantyre. Mnzawo wapamtima anasamukira ku Lilongwe, papita zaka osaonana, ndipo apangana zokumana Loweruka lina pamalo apakati, aliyense n'kubwerera kwawo madzulo. Funso lawo ndi lakuti: pakatipo ndi pati, ndipo akachite chiyani kumeneko? Chakumapeto kwa imeloyo awonjezera timawu pang'ono, ngati tosafunika kwenikweni, kuti mnzawoyo ali ndi galimoto pamene iwo adzakwera minibasi.

Achemwali, timawu timeneti ndi timene tandikhazika pansi kuti ndilembe zonsezi, chifukwa nkhani yanu yagona pamenepo.

Yankho la pamapu silivuta. Msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Dedza, Ntcheu, Chingeni ndi Zalewa mpaka ku Blantyre ndi wa makilomita opitirira pang'ono 300. Mukaudula pawiri mugwera pa Ntcheu boma kapena chapafupi pomwepo. Aliyense amene mungamufunse adzakuuzani Ntcheu, ndipo sadzakhala atanama. Koma ine pa Ntcheupo ndinakumanirapo ndi mnzanga, ndipo ndikudziwa mmene theka la pamapu limapwetekera munthu woyenda pa minibasi.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale ku Lilongwe, mwana wanga woyamba ali wamng'ono. Mnzangayo tinkagona chipinda chimodzi kusekondale, kudyera mbale imodzi, kubwerekana sopo mwezi ukafika pakati. Iye Mulungu anamukomera mtima, anapeza ntchito yabwino ku Blantyre n'kugula kagalimoto kake. Tsiku lina anandiimbira foni: “Iwe, tikumane pa Ntcheu. Ndi pakati penipeni, pasakhale wodandaula.” Ndinasangalala kwambiri moti sabata yonseyo ndinkangokonza mumtima zoti ndikamuuze.

Ndinadzuka kusanache, kukasiya mwana kwa mlamu wanga, kukwera minibasi yopita m'tauni, kenako kudepoti. Oitanira anandilanda chikwama n'kundilowetsa m'minibasi yooneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Amene mumayenda mukudziwa zimene zimachitika. Ena mwa anthu okhala m'katimo ndi anyamata awo omwe, ongokhalira mipando kuti muoneke modzaza, ndipo wokwera weniweni akalowa iwo amatsika mmodzimmodzi. Injini ikulira, galimoto ikusendera kutsogolo pang'ono n'kubwereranso. Dzuwa linakwera tili pomwepo. Titanyamuka tinaima pa Nathenje, pa Kamphata, pa Chimbiya, paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Pofika pa Dedza kondakitala anangoti galimoto yathera pompano, n'kutigulitsa ku minibasi ina, ndipo inayonso inayenera kudikira kuti idzaze.

Ndinafika pa Ntcheu nthawi ya nkhomaliro itakwana kale, miyendo itachita dzanzi, siketi itada ndi thumba la makala limene linali pamapazi panga. Mnzanga anali atafika kalekale, atatopa ndi kudikira m'galimoto. Tisanakumbatirane n'komwe anati, “Koma iwe sunasinthe, kusunga nthawi kumakukanikabe.” Ananena moseka. Ine ndinasekanso, koma mawuwo anandilowa mpaka pano.

Tinakhala pamalo ena odyera m'mbali mwa msewu, kudya chipisi ndi nkhuku, mathiraki akudutsa ndi phokoso lawo. Tinafunsana za ana, za ntchito, za anzathu akale. Pamene nkhani zimati zifike pa zenizeni, maso anga anali ali kale pamsewu kuyang'ana minibasi yobwerera, chifukwa ndinkaopa kufika m'tauni usiku. Mayi anga ankadwala nthawi imeneyo, m'banja mwanganso munali zovuta zimene sindikanauza wina aliyense koma iye. Zonsezo ndinabwerera nazo. Ndinalowa m'nyumba mdima utagwa, ndalama ya ndiwo itathera ku thiransipoti. Iye anafika kwawo kukuwalabe, n'kuika chithunzi chathu pa Facebook kuti tsiku linali lokoma.

Sindimusungira chakukhosi. Si munthu woipa, ndipo anachita zimene ankaganiza kuti ndi chilungamo. Kungoti munthu akazolowera chiwongolero amaiwala msewu umene enafe timayendamo. Kwa iye makilomita 150 ndi maola awiri ndi kanthu, wailesi ikuimba, kuima pamene wafuna, kunyamuka nthawi imene wasankha yekha. Kwa wa minibasi makilomita omwewo amayambira pakhomo pa nyumba, kudutsa pasiteji, kudepoti, ndipo amatha kudya m'mawa wonse. Ndikudziwa kuti mafuta a galimoto ndi okwera mtengo, ndikudziwanso kuti masiku ano pali zipata zolipirapo pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, zimene panthawi ya nkhani yangayi kunalibe. Sindikupeputsa zimenezo. Koma ndalama yomweyo ikatuluka m'thumba la munthu wa malipiro aakulu ndi m'thumba la mphunzitsi wa pulayimale, kulemera kwake sikufanana ngakhale pang'ono.

Ndiye ndinene poyera: mawu oti “theka ndi theka, pasakhale wodandaula” sindiwakonda. Ndi mawu a anthu ogawana ngongole. Kumudzi pochokera kuchigayo, mwana ndi wamkulu sasenza thumba lofanana, ndipo palibe amene amati wamkuluyo waponderezedwa. Amene ali ndi galimoto ayende mtunda wautali. Amene alibe mwana woyamwa ayende mtunda wautali. Amene samagwira ntchito Loweruka m'mawa ayende mtunda wautali. Ndipo achite zimenezo osadikira kupemphedwa, chifukwa wopanda galimotoyo sangatsegule pakamwa. Manyazi amamugwira, amaopa kuoneka ngati wopemphetsa, amangoti “chabwino, Ntcheu ili bwino” mtima ukuwerengera ndalama. Inunso achemwali, mwabisa nkhani ya minibasiyo kumapeto kwa imelo. Ndikukayika ngati mnzanuyo mwamuuza momveka.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti pa maliro masamu amenewa sitichita. Uthenga ukangofika pa WhatsApp kuti uje watisiya, timakongola ndalama, timapempha tchuthi kuntchito, timakwera kumbuyo kwa lole usiku wonse kupita ku Mzimba kapena ku Nsanje, ndipo palibe amene amafunsa kuti pakati ndi pati. Anzanga ambiri a kusekondale ndinawaona komaliza titavala zitenje, titakhala pamphasa m'nyumba ya siwa, tikunong'onezana kuti tizionana tikadali moyo. Pobalalika pa manda aliyense amalonjeza. Kenako timabwerera ku magulu athu a pafoni, kutumizirana mavesi m'mawa uliwonse n'kumadzinamiza kuti tikuchezerana. Chifukwa chake mwachita bwino kwambiri kupangana tsiku mnzanuyo ali wamoyo, ndipo sindikufuna kuti tsikulo lithere m'minibasi.

Ndinadzaona kusiyana kwake patapita zaka, mnzanga wina wokhala ku Zomba atandiimbira. Iye sanandifunse n'komwe. Anangoti, “Iwe kwera ya ku Dedza, ine ndikupeza komweko.” Dedza ili pa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, minibasi imodzi basi. Iye anayendetsa galimoto mtunda wonsewo kudzera ku Liwonde ndi Balaka, ndipo tinafika pafupifupi nthawi imodzi. Tinamwa tiyi ku Dedza Pottery titavala majuzi, poti kunali mu June ndipo kuzizira kwa Dedza, m'tsinde mwa phiri lija, sikuseweretsa. Titatha tinapita kukaona zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Malowo alipo 127, obalalika m'mapiri ndi m'nkhalango. Zojambula zofiira ndi za Akafula, amene anali kuno makolo athu asanafike, ndipo zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Wotiperekeza atafotokoza n'kutisiya, tinakhala pathanthwe n'kucheza mpaka pakamwa kuuma. Tsiku limenelo ndinalira, ndinaseka, ndinanena zonse.

Malo amene ndingakusankhireni

Kwa inu Dedza si yabwino, ili mbali ya mnzanuyo. Mukawerengera maola m'malo mwa makilomita, pakati panu pamasendera kummwera, ndipo ine ndikanasankha Liwonde. Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 120, ndipo minibasi za njira imeneyo sizisowa. Mnzanuyo adzayenda pafupifupi 240, kukhotera pa Chingeni n'kudutsa pa Balaka. Akanyamuka m'mamawa, nonse mudzafika nthawi yofanana. Kumeneko kuli mtsinje wa Shire, malo odyera m'mphepete mwa madzi, ndi maboti okaonetsa mvuu ndi ng'ona. Paki ya Liwonde, imene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015, ili pomwepo, ndipo njovu zake n'zosasowa. Mukafuna kulowa tengani chiphaso cha unzika, poti Amalawi amalipira mtengo wotsika. Koma ine ndikanasiya paki n'kukwera boti basi, chifukwa mwapitira mnzanu, nyama mudzaziona tsiku lina. Mu October ndi November kumatentha koopsa, sankhani mwezi wina ngati n'kotheka.

Ngati mnzanuyo aona kuti kupita ndi kubwera Liwonde tsiku limodzi n'kotopetsa, ndipo akhoza kukhala ndi chifukwa chomveka, kwerani basi yaikulu ya m'mawa yonyamuka pa nthawi yoikika, mutafunsiratu pogula tikiti ngati angakutsitseni pa Ntcheu. Akutengeni pamenepo, galimoto yakeyo ikhale ya nonse awiri tsiku lonse.

Mukatero musakhale pa boma kumvera mathiraki. Kwerani chakumpoto mpaka pa Lizulu, pamene msewu womwewo ndiwo malire, mbali ina Malawi mbali ina Mozambique. Ine msika umenewo ndimaukonda kuposa misika yonse ya pa M1. Mbatata ya kachewere m'ndowa, kabichi, karoti, anyezi, tomato, zonse zochokera m'minda ya m'mapiri ozizira amenewa, ndipo amayi ogulitsa amathamangira galimoto isanaime n'komwe. Anthu awiri amene sanaonane zaka amachita chilendo akakhala moyang'anizana patebulo, koma akayamba kunenerera mtengo wa ndowa ya mbatata limodzi, chilendocho chimatha chokha. Mua Mission nayonso anthu amaitchula kawirikawiri, ndipo ndi malo okongoladi: Ansembe Oyera anaikhazikitsa mu 1902, ndipo Kungoni, senta ya zachikhalidwe ndi zaluso ya pamishonipo imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ili ndi nyumba yosungira zinthu za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo zigoba zambirimbiri za gule wamkulu. Kungoti ili pamsewu wa M5 wa ku Salima, kutsika chitunda cha ku Golomoti, ndipo ulendo wa tsiku limodzi wokhala ndi minibasi m'kati sungakwane bwino. Imeneyo isungireni tsiku limene mudzagone komweko.

Kulikonse kumene musankhe, gwirizanani nthawi yosiyana musanachoke kunyumba, isapitirire 3 koloko masana. Msewu wa M1 usiku uli ndi njinga zopanda nyali, ngolo ndi mathiraki oima pakati pa msewu, ndipo mnzanuyo akayendetsa ali yekha atatopa. Muuzeni lero lomwe, m'mawu omveka, kuti inu mudzayenda pa minibasi ndipo zidzakutengerani m'mawa wonse. Pobwerera akusiyeni mutakwera kale galimoto yodzaza, asakusiyeni mutaima pasiteji.