Amuna anga ali ndi mnzawo wamkazi: kodi mafilimu akunena zoona?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti amuna awo ali ndi mnzawo wamkazi yemwe anadziwana naye kusekondale, ndipo sanaonepo chokayikitsa. Chikuwasowetsa mtendere n'chakuti mufilimu iliyonse yachikondi, anthu ocheza chotere amathera m'banja. Akufunsa ngati mwamuna ndi mkazi angathe kumangocheza basi.

Mayi, filimu yomwe inatchukitsa mkanganowu ndi When Harry Met Sally ya 1989, yolembedwa ndi Nora Ephron. Ali pa ulendo wa pagalimoto kuchoka ku Chicago kupita ku New York, Harry akuuza Sally kuti ubwenzi wotere sutheka chifukwa chilakolako chimalowererapo. Patapita zaka 12 awiriwa akukwatirana, ndipo oonera amati Harry ananena zoona. Komatu Rob Reiner, yemwe anatsogolera ntchito yojambula filimuyi, anaulula yekha kuti poyamba nkhaniyo inkatha awiriwa asanakwatirane. Iye anali atakhala zaka zingapo banja lake ndi Penny Marshall litatha. Ali mkati mojambula anakumana ndi Michele Singer, mtima unagunda, n'kusintha mathero. Anamukwatira mu 1989. Ndiye mlandu wa amuna anu tiugamule potengera bambo wina wa ku America yemwe anali atangopeza chibwenzi?

Palinso nkhani ya ndalama. Filimu yachikondi imagulitsa kupsompsonana kwa kumapeto. Mwamuna ndi mkazi omwe acheza zaka zambiri, kuperekezana kumaliro, kubwerekana ya fizi, kenako aliyense ulendo kwawo, ndani angalipire kuti awaonere? Alipo ambiri, kungoti sawajambula.

Filimu yomwe inayesako njira ina ndi My Best Friend's Wedding ya 1997. Mufilimuyi, katswiri wa zisudzo Julia Roberts akuvutika kulanda mnzake wakalekale pa ukwati wake, koma akulephera, ndipo ine ndimaikonda chifukwa cha kulepherako. Komabe taonani mnzake wamwamuna yemwe akumutonthoza kumapeto, George: olemba anamupanga kukhala wokonda amuna anzake. Akanapanda kutero, oonera akanayamba kudikira ukwati wachiwiri.

Choncho yankho langa ndi lakuti zimatheka, koma za amuna anu simuzipeza pa TV. Foni ya mnzawoyo ikalira, amayankhira pomwe mwakhala kapena amatulukira panja? Anafikapo pakhomo panu, n'kudya nsima yanu? Ngati sanafikepo, auzeni bambowo amuitane Lamlungu likubwerali, ndipo muone mmene ayankhire.