Nyumba zopanda zikwangwani za mumsewu wa Pall Mall

Mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito ya usiku mu London wandilembera imelo. Akuti akaweruka amadutsa mumsewu wa Pall Mall, ndiye akufuna kudziwa kuti zinyumba zopanda zikwangwani zija ndi za chiyani, makamaka ya nambala 104, komanso ngati munthu wamba angalowemo.

Achemwali, funso lanuli landikhudza, chifukwa nditangofika kuno ndinkatsuka mbale m'kalabu ina ya m'dera lomwelo. Tinkalowera khomo la kuseri, n'kutsika masitepe mpaka kukhitchini ya pansi. Bwana wathu ankatiuza kuti tikakumana ndi membala pakhonde tizipatuka msanga. Mnzanga wina wa ku Ghana anakalambira pasinki pomwepo, koma chipinda chodyera chimene mbale zake zinkapita sanachionepo. Mpaka lero ndikadutsa kumeneko mtima umandiwawa.

Zambiri mwa nyumbazi ndi makalabu, malo amene mamembala okha ndi alendo awo amakumana n'kudyerako, ndipo nambala 104 ndi Reform Club. Inayamba mu 1836, ndipo anaiyambitsa ndi andale amene anamenyera lamulo la 1832 lowonjezera anthu ovota, motsogozedwa ndi Edward Ellice, phungu wa Coventry. Adani awo a chipani cha Tory (Conservative) anali atatsegula kale Carlton Club mu 1832, choncho nawonso anafuna pokumanira pawo popangira mapulani a zisankho. Malowo anali abwino: Nyumba ya Malamulo n'kuyenda pansi, nyumba yachifumu ya St James's ili kumapeto kwa msewu, ndipo Pall Mall inali ndi nyali za gasi kuyambira 1807. Nyumba mumaionayo inatsegulidwa mu 1841. Anaijambula ndi Charles Barry, yemwenso anajambula Nyumba ya Malamulo yatsopano yakale itapsa mu 1834.

Ine sindiwagomera anthu amenewa ngati mmene amawagomera oonetsa alendo. Lamulo la 1832 lija linasiya kunja amuna ambiri osauka komanso amayi onse. Ellice yemweyo anali m'gulu la amene analandira chipukutamisozi boma litathetsa ukapolo, pamene akapolowo sanalandire kalikonse. Ndipo kalabu yomenyera kusinthayi inadikira mpaka 1981 kuti ilole amayi kukhala mamembala. Inde, inatsogola makalabu anzake, poti Carlton inachita zimenezi mu 2008, Margaret Thatcher atalamulira n'kuchoka kalekale. Koma kutsogola kotere sikundisangalatsa.

Za Carlton ndisazisiye panjira. Inali moyandikana ndi Reform mpaka bomba la Ajeremani linaiphwanya mu 1940, n'chifukwa chake lero ili pa 69 St James's Street. M'nyumba yakaleyo, pa 19 October 1922, aphungu a Conservative anavota kuti atuluke m'boma la mgwirizano, ndipo nduna yaikulu Lloyd George, amene ankatsogolera bomalo, anatula pansi udindo tsiku lomwelo. Boma la dziko lolamulira maiko ambirimbiri, kuphatikizapo Nyasaland, linagwera m'chipinda chimene wovota wamba sakanaloledwa kupondamo.

Munthu wa kukhitchini

Amene ndimam'lemekeza m'mbiri yonseyi ndi Alexis Soyer, Mfalansa amene anali mkulu wa ophika ku Reform kuyambira 1837 mpaka 1850. Anathandiza kukonza khitchini yophikira gasi imene anthu ankabwera kudzaiona. Njala itavuta ku Ireland mu 1847, anasiya kaye kuphikira mabwana n'kupita ku Dublin kukatsegula malo ogawira supu kwa anjala. Kenako anapita kunkhondo ya ku Crimea kukakonza kaphikidwe ka m'zipatala za asilikali.

Tsono za kulowa. Masiku ano Reform siili pansi pa chipani chilichonse, koma simungangogogoda. Umembala umafuna kuti mamembala awiri akuperekeni dzina, ndipo apo ayi membala akuitaneni ngati mlendo wake. Njira yapafupi ndi Open House ya mwezi wa September, pamene nyumba zambiri za mu London zimatsegulira anthu zitseko. Yang'anani msanga pa intaneti ngati Reform ilipo chaka chino, chifukwa malo amatha mwachangu.