Zilembo ŵ ndi ng' posaka mabuku m'katalogi

Mayi, mwafunsa chifukwa chake wophunzira akalemba "Malawi" m'katalogi ya Koha (pulogalamu yoyendetsera malaibulale) ya laibulale yanu ku Chibavi mabuku olembedwa "Malaŵi" satuluka, komanso chifukwa chake voliyumu 10 ikutsogola voliyumu 2 pamndandanda. Amenewa ndi mavuto awiri osiyana: loyamba ndi la malamulo ofananitsira mawu, lachiwiri ndi la malamulo osanjira. Pempho langa lalikulu ndi lakuti musafufute kachipewa ka pa ŵ m'zolembedwa zanu pofuna kuthetsa vutoli, pakuti mutu wa buku uyenera kukhala monga momwe unasindikizidwira. Pokonza ndi pa index, pamene pulogalamu imasungapo mawu osakira.

Kwa kompyuta, w ndi ŵ ndi zilembo zosadziwana n'komwe. Choonjezera apo, mu Unicode, dongosolo limene makompyuta amasungira zilembo, ŵ imalembedwa m'njira ziwiri, monga chilembo chimodzi kapena monga w yotsatana ndi kachipewa kapadera, ndipo pamaso zimaoneka chimodzimodzi. Uzani amene amakusamalirani seva (kompyuta imene Koha imakhalapo) kuti Zebra, pulogalamu imene imasaka mu Koha, aikonze kuti izigwiritsa ntchito ICU (chida chokhala ndi malamulo ofananitsira zilembo za Unicode), kenaka lamulo lochotsa tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo ligwire mbali zonse ziwiri, pa mawu osungidwa ndi pa mawu amene wosaka walemba. Akatero amangenso index yonse, apo ayi simudzaona kusintha.

Kuno kumpoto nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa mabuku a Chitumbuka adzaza ndi ŵ. Koma chimene chinandisowetsa tulo ine ndi kachizindikiro ka mu ng'. Tsiku lina mtsikana wa Fomu 3 anasaka "ng'ombe" pafoni yake osapeza kanthu, pamene buku la ziweto linali pashelufu patsogolo pake. Foni inalemba kachizindikiro kopindika, ife tinalemba koongoka, ndipo pulogalamu inadula mawuwo pawiri, "ng" ndi "ombe". Lamulo labwino ndi kuchotsa kachizindikiroko posaka popanda kudula mawu. Zoona, Ng'oma ndi Ngoma adzatulukira pamodzi, koma wowerenga angathe kusankha yekha pakati pa mabuku asanu, pamene buku losatuluka amangoti kulibe. Kufewa kumeneku kusafike pa l ndi r. Ngati mlembi mmodzi amalembedwa Chirwa kwina Chilwa, lumikizani mayinawo mu authority record yake (cholembedwa chosunga dzina la mlembi ndi malembedwe ake onse), osati m'katalogi yonse.

Kusanja ndiye kumafuna kuuma mtima. Voliyumu 10 ikutsogola chifukwa manambala akuwerengedwa ngati zilembo, ndiye 1 amabwera 2 asanafike. Gawo la nambala ya voliyumu lisanjidwe monga nambala. Manambala a Dewey, osanjira mabuku pashelufu potengera nkhani zake, ali ndi khalidwe lina, chifukwa pambuyo pa kadontho amawerengedwa limodzilimodzi, motero pa zaulimi 630.12 imatsogola 630.5. Pa mitu ya Chingerezi yoyamba ndi "The", indicator yachiwiri (kanambala kouza pulogalamu zilembo zoti ilumphe posanja) ya gawo 245, gawo la mutu wa buku mu MARC 21 (dongosolo lolembera mabuku m'katalogi), ikhale 4, kuti zilembo zitatuzo ndi mpata wake zilumphidwe. Pa mitu ya Chichewa ikani 0.

Mukamafufuza mabuku olowetsedwa kawiri, musadalire mutu wokha. Yerekezani ISBN, nambala yodziwira buku padziko lonse, mutachotsa timizere, ndipo kumbukirani kuti kuyambira 2007 ISBN ili ndi manambala 13 m'malo mwa 10, choncho buku lomwelo lingathe kukhala ndi ziwiri zonse. Mukakonza, yesani ndi "Malaŵi", "ng'ombe" ndi "m'mudzi", pakompyuta ndi pafoni pomwe.