Ziphuphu zamuvuta mwana wanga, ndimugulire mankhwala ati?

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 15, ziphuphu zadzadza m'masaya ndi pachipumi, zina zofiira zamafinya. Ndinamugulira kirimu kumsika, pakachubu palembedwa betamethasone, poyamba zinakhala ngati zatha koma pano zabwerera kuposa kale moti mwana akukana ngakhale kupita kukwaya. Nditani ine? Mayi wodandaula, Zomba.

YANKHO: Pepani mayi, koma kachubuko katayeni lero lomwe. Betamethasone ndi mankhwala a m'gulu la steroid, amaziziritsa kufiira kwa masiku ochepa kenako ziphuphu zimabuka zambiri, khungu nkupyapyala. Za mandimu ndi mankhwala otsukira mano zomwe ana amauzana kusukuluzi nazonso ayi, zimangowotcha khungu nkusiya madontho akuda.

Pamsinkhu umenewu mahomoni amachulutsa mafuta pakhungu, timabowo totulukira mafuta ndi tsitsi timatsekeka ndiye mabakiteriya amapezerapo mwayi. Si uve ayi, musamukalipire kuti sasamba.

Pitani kufamase mukafunse benzoyl peroxide wa 2.5 kapena 5 peresenti. Azipaka pang'ono malo onse omwe pamatuluka ziphuphu osati pachiphuphu chokhacho, sabata yoyamba tsiku lina apake lina apume chifukwa amaumitsa nkhope. Amasukulutsanso nsalu, ndiye pilo ndi thaulo zikhale zakale, yunifolomu aisamale. Mankhwala ena oyenda nawo bwino ndi adapalene wa 0.1 peresenti, wopaka usiku, kadontho kangati nsawawa kakwana nkhope yonse.

Chomwe chimandipweteka ine nchakuti ambiri amasiya pakangotha masabata awiri ati sakugwira. Mankhwalawa amafuna masabata 8 mpaka 12, ndipo poyamba nkhope imatha kuoneka ngati yaipiraipira, apa mpamene mwana amafuna mayi ake omulimbitsa mtima.

Zikakanika, kapena zikafalikira kumsana ndi pachifuwa, pitani naye kuchipatala. Atha kumulembera doxycycline, mankhwala olimbana ndi mabakiteriya, wakumwa pafupifupi miyezi 3, koma azimwa uku akupakabe benzoyl peroxide uja kuti mabakiteriya asazolowere mankhwala. Amwere madzi ambiri, asagone atangomwa, komanso apewe dzuwa lamphamvu. Doxycycline ndi adapalene ndi oletsedwa kwa woyembekezera, ndiye adokotala akamufunsa mafunso amenewo musakhumudwe.

Ndipo mumuuze asiye kufinya, zipsera zake zimavuta kuchiza kuposa ziphuphuzo. Mukaona zotupa zikuluzikulu zolimba mkati zopweteka musadikirenso masabata aja, funsani zokaonana ndi dokotala wa khungu.