Yankho kwa mng'ono wanga pa za korona ya Tsiku la Amayi

Eee, mng'ono wanga, ndamva funso lako. Kulemba kundichedwetsa, ndili kuphika, ndiye ungomvera mawu. Ukuti popeza tasonkha kale ya chitenje ndi keke, korona, pemphero lathu la Akatolika lowerenga mikanda lija, ndi yofunikanso pa Tsiku la Amayi? Komanso ati alamu anga akufunsa ngati sitipembedza Maria?

Ndiyambe ndi amama. Iwe uli ku Lusaka, suwaona madzulo. Ine ndimawaona. Tikatha kudya nsima amakhala pamphasa, natulutsa korona ija ya malemu atate, ija inaduka n'kumangidwa ndi ulusi wakuda pafupi ndi mtanda. Zala zawo zinauma masiku ano, mkanda umodzi amaufufuza nthawi yaitali. Amayamba "Tikuoneni Maria", n'kuima pakati paja kudikira woyankha. Ine ndikakhala ku ntchito ya usiku, amadziyankha okha. Chimenecho chimandipweteka mtima, mwana wa amama. Chitenje adzavala, adzathokoza, koma m'sutikesi muli kale zitenje zisanu ndi chimodzi zosasoka.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Tsikulo ndi Sande yachiwiri ya Meyi, mwezi wa Amayi Maria womwe. Pa Sande timachita misteri za ulemerero, zochitika za Yesu ndi Maria zimene timasinkhasinkha pa korona, ndipo zilipo zisanu, ifenso tilipo asanu. Achimwene a ku Katete atenge yoyamba, kuuka kwa Ambuye. Ine kukwera kumwamba, iwe kubwera kwa Mzimu Woyera, achitsiriza athu awiri aja agawane zotsalazo. Aliyense Atate Athu mmodzi, Tikuoneni Maria khumi, Ulemu kwa Atate, basi. Tiimbirane pa WhatsApp 19 koloko, foni ndidzaiika pampando pafupi ndi khutu lawo labwino lija. Tchajani mafoni masana, magetsi sitiwadalira.

Za ana kuti amasinza, asiye asinze. Ifenso tinkagona pamiyendo ya amama tisanafike pa khumi lachitatu, nyali ya parafini ikufuka, koma mawu aja analowa. Kamtsikana kako kaja ukapatse mkanda umodzi wokha kuti katsogolere, agogo ake amve mawu ake.

Tsono kwa alamu, uwauze mwaulemu, osakangana. Timapembedza Mulungu yekha. Maria timamulemekeza, ndipo timamupempha kuti atipempherere, monga iwowo amapempha amayi awo kuti awaike m'mapemphero. Atsegule Yohane mutu 2, ukwati wa ku Kana: amene anaona kuti vinyo watha ndi mayi, n'kukauza mwana wake. Pa mutu 19, Yesu ali pamtanda, akumva ululu, anaganizabe za woti asamale amayi ake. Ngati safuna kugwira korona, palibe mlandu, akhale nafe ayankhe Atate Athu, ameneyo ndi wa tonse.

Paja ukudziwa kuti katedulo yathu kuno ku Chipata ndi ya Anna Woyera, mayi wake wa Maria, agogo ake a Yesu. M'mawa wa tsikulo ndidzapita nawo amama ku Misa kumeneko, ndalankhula kale ndi wa takisi chifukwa mwendo uja sulola kuyenda. Ndalama ya takisiyo ndichotsa pa ya keke, tigule yaing'ono, shuga wawo anakwera.

Iii, ndiwo zanga zikupserera. Achimwene, mukamva uthengawu muyankhe ngati 19 koloko ili bwino.