Funsani Dokotala: Ndipite ku Johannesburg kukaikitsa mano?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa ku Nchalo, wa zaka 46, ndipo ndimadwala shuga. Mano awiri akutsogolo anandizula chaka chatha, moti kuseka pagulu ndimachita manyazi. Achimwene anga ali ku Johannesburg akuti ndipite akandiike mano okhomera m'fupa, akuti sabata imodzi zonse zatha. Ndipite?

Yankho: Mayi, ku South Africa kuli madokotala a mano odziwa ntchito, zimenezo sindikutsutsa. Chandidetsa nkhawa ndi sabata imodziyo.

Dzino lokhomera, lija amati implant, ndi kachitsulo ka titanium kamene amakalowetsa m'fupa la nsagwada. Kuti fupa ligwirane nako pamapita miyezi itatu mpaka 6. Ena amaika dzino longoyembekezera tsiku lomwelo, koma lenileni limadikira kuti pachire. Ndiye kuti ulendo si umodzi, ndipo ndalama ya basi, malo ogona ndi chakudya muiwerengere kawiri. Kwa inu palinso shuga. Akakhala wokwera, bala la m'kamwa limachedwa kupola ndipo kachitsulo kaja kamatha kukana kugwira. Yambani mwayezetsa HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wanu wakhalira m'miyezi itatu yapitayi.

Vuto lalikulu limabwera mutabwerera kwanu. Tizitsulo timeneti timasiyana malinga ndi kampani yopanga, chilichonse ndi zomangira zake. Dzino likayamba kugwedera muli ku Nchalo, dokotala wa ku Blantyre akhoza kukhala wopanda chida chomangira mtundu umenewo. Nanga zikachitika mu Febuluwale, madzi atadula msewu? Ndipo ntchito ikaonongeka, bungwe loyang'anira madokotala kuno la Medical Council of Malawi lilibe mphamvu pa dokotala wa dziko lina.

Musanagule tikiti, kaonaneni ndi a mano ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Queen Elizabeth, aone nkhama ndi fupa ngati zili bwino. Afunseninso za mano ovala ndi kuvula. Ambiri amawanyoza, koma pa mano awiri amakwanira, ndipo akathyoka amakonzedwa konkuno.

Mukasankhabe kupita, achimwene anuwo atsimikize kuti dokotalayo analembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira azaumoyo kumeneko. Pobwera mutenge zithunzi za ekisire, kalata yofotokoza zimene anachita ndi dzina la kampani ya kachitsuloko. Akanena zopala mano abwinobwino oyandikana nawo, funsitsani chifukwa chake, poti dzino lopalidwa silimeranso.

Inunso amene mumawoloka malire pa Marka kukazulitsa mano ku Mozambique, onetsetsani kuti ndi kuchipatala kwenikweni. Zida zosaphikidwa bwino zimafalitsa matenda a chiwindi a hepatitis B ndi HIV.

Mutabwerako, mukaona mafinya, kutentha thupi, kapena kutupa kumunsi kwa chibwano mpaka kulephera kumeza kapena kupuma bwino, thamangirani kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, ngakhale usiku.